Yemwe Anasamutsa Mudzi wa Kaluwe

Chiyambire upolisi ku Kafue, Sajeni Lastone Miti anali atafufuzapo njinga zobedwa, maukonde obedwa, ngakhale belu la pasiteshoni ya sitima. Koma zoti mudzi wathunthu, nkhokwe ndi makola omwe, wasamutsidwa popanda eni ake kudziwa, anali asanazimvepo. Chinaipitsa zinthu n'chakuti wodandaulayo anali apongozi ake enieni, a Gershom Njobvu, munthu amene Lastone sankatha kumuyang'ana m'maso ngakhale atavala yunifolomu yosita bwino.

Unali mwezi wa Okutobala, ufulu wa Zambia ukukwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, dzuwa likuwotcha mopanda chibale. Mafakitale a nsalu ndi feteleza anali atakoka anthu ambiri a kum'mawa, ndipo ochokera ku boma la Kalimbe, kumalire ndi Malawi, anali ndi bungwe lawo. Mawa lake, pa tsiku la ufulu, Gavana wa boma la kwawolo pamodzi ndi mlembi wa khonsolo ya kumidzi ankabwera kudzacheza ndi ana awo a m'tauni. Bungwe linkafuna kupempha mlatho ndi chipatala. Kuti alendowo asanamizire kusadziwa malo, a Njobvu anaumba boma lonse la Kalimbe ndi dothi lofiira la pachulu, pa matabwa aakulu ngati zitseko zinayi, m'holo ya ku Estates, dera la nyumba za antchito a m'mafakitale.

Mkuluyu sanaumbe zongoganizira. Anagwira umesenjala wa boma mpaka imvi, akuyenda pansi kumbuyo kwa azungu a msonkho, ndipo phiri lililonse ankalidziwa ndi mawondo ake. Pa mapupo panali mitsinje, misewu ya khonsolo, khoti, dibi la ng'ombe, timidzi ta tinyumba tofolera udzu weniweni, ndi timitengo tosonyeza nkhalango za manda. Pamsana pa mapiri anagonekapo ulusi wofiira.

"Akamwini," anatero a Njobvu, akuloza ndi ndodo koma nkhope atayang'ana kukhoma, "malire awa sanalembe ndi munthu. Inalemba ndi mvula. Dontho likagwa n'kutsikira kumadzulo, ku Luangwa, pamenepo ndi pa Zambia. Likatsikira kum'mawa, ku Bua, ndi pa Malawi. Ine sindinanamepo za malire, ngakhale kwa mzungu. Mudzi wa Kaluwe ndinauika uko, kuseri kwa ulusi. Dzulo masana ndinafunditsa mapu ndi masaka onyowa kuti dothi lisang'aluke. Lero ndivundukule, mudzi uli kuno!"

"Pepani, atate," anatero Lastone, chipewa chili m'manja.

"Ba Sajeni, palibe vofufuza apa," analowerera a Ferdinand Chishimba, tcheyamani wa nthambi ya chipani. "Muntu tinamugwila kudala. Ni Morris, uja wa manjinga pa maliketi. Ni wa ku Malawi, bonse tiziba. Kusebenzesa manja pa boda ya dziko ni sabotaji, ni kuononga dziko. Mailo ba Gavana bakachoka chabe, wamene anachita ivi akwela lole ya ku boda. Olo ankale ndani."

Masiku amenewo mawu a tcheyamani ankalemera kuposa nsapato za polisi. A Chishimba anali atayamba kale kuyenda khomo ndi khomo kuwerenga maina a midzi pa zitupa za anthu, ati nyumba za ku Estates n'za ana a Zambia okha. Mapu atayamba kuoneka, iwo ndiwo anasangalala kuposa onse. Ankati tsopano aliyense adzaona midzi imene ili kuseri kwa ulusi.

Lastone anagwada n'kuyang'anitsitsa. Munthu wofuna kuwononga amaponda ndi chidendene, koma apa panalibe kanyumba ngakhale kamodzi kothyoka. Tinyumba ta Kaluwe tinazulidwa bwinobwino n'kukabzalidwa pamsana penipeni pa phiri, mbali ya kuno ya ulusi, moyandikana ndi timitengo ta manda. Maenje akale anatsekedwa. Ndipo dothi lomatira silinali lofiira. Linali lakuda, la m'dambo, lozira mosalala ndi chikhatho mozungulirazungulira, likadali lofewa.

"Atate, dothi lakudali ndi lanu?"

"Ine dothi lakuda ndilitenga kuti? Kodi ndimazira nyumba ine?"

Lastone ananunkhiza chala chake. Dothilo linkanunkha mtsinje.

* * *

Morris Chisale anali atakhala pa benchi ya kupolisi, chipewa atachifinya ngati akuchapa. Anabwera ndi ntchito ya njanji zaka zambiri zapitazo, anakwatira mkazi wa konkuno wa mtundu wa Chisoli, ndipo ana ake anayi sankadziwa kumene Mchinji inali. Tsopano ankakonza njinga pansi pa mtengo pamsika.

"Bwana, buluku langali lili ndi dothi, inde. Ndine ndinkawatutira madala aja dothi la pachulu pa njinga, ulere. Onani, ndi lofiira."

"Akuti munakangana nawo."

"Kukangana kwake kuti? Ndinangowaseka kuti ulusi wawo wadya dimba la amalume anga. Iwo anati amalume anga ndiwo anadya dziko. Tinathera kumwera limodzi tiyi." Morris anafinyanso chipewa chija. "Dzulo masana onse ndinali kumata machubu a anthu a ku Chanyanya, kawafunseni. Komanso bwana, taganizani. Ine Mmalawi, ndikabe mudzi wa ku Malawi n'kukaupereka ku Zambia? Wakuba wotani wobera kwawo n'kukapatsa eni nyumba?"

Lastone anafuna kuseka, koma nkhope ya munthuyo inamuletsa.

"Akandikweza lole, ana anga adya chiyani? Kumene akufuna kukanditayako ngakhale nkhuku sindinasiyeko."

Sajeni anamumvera chisoni kwambiri. Analamula kuti amupatse madzi akumwa, iye n'kukwera njinga kubwerera ku holo.

* * *

Mlonda wa holo, a Jethro, anali Mtonga wa m'mbali mwa mtsinje, wamtali, wolankhula ngati mawu amagula.

"Sikunangene muntu, ba Sajeni. Peepe. Olo umozi."

"Tsiku lonse?"

"Lonse. Ba Njobvu banachoka, ine nankala apa pa chiseko. Muntu kulibe."

"Nanga maluwa a mapepala awa anadzipachika okha? Pansi pano panadzisesa pokha?"

"Aa, abo ni bazimai." A Jethro anadabwa kuti wapolisi wamkulu angafunse zopepera chotero. "Bazimai ba bungwe banabwela kupyanga. Imwe mwafunsa za muntu wokuba."

Lastone anapuma mozama. "Anatuluka onse pamodzi?"

A Jethro analingalira nthawi yaitali, mpaka ntchentche inatera pa mphuno n'kuchokapo yokha. "Umozi anasalila. Mukulu-mukulu, wamene anabwela na beseni yovinikila na chitenge. Nkope sininaone, duku inali apa. Koma ulemu, ma! Pochoka anagwada pansi, mawondo yonse yabili, anaomba na m'manja. Ine malonda chabe! Chiyambile nchito ino kulibe ananigwadilapo."

"Beseni linali ndi chiyani?"

"Pobwela inali yolema. Pobwelela inali yopepuka. Ine sinifunsa va mu beseni ya muzimai, nili na zaka zanga."

Nyumba za ku Estates zonse zinali za simenti. Mayi wofuna dothi lakuda m'tauni ngati imeneyo sakanalipeza pakhomo, ndipo mayi wachikulire sakanayenda yekha mpaka kumtsinje. Wina anamubweretsera. Lastone anatembenuza njinga kuloza kumsika.

* * *

Prudence wa nsomba ankamveka munthu asanamuone. Ankapita ku doko la asodzi la Chanyanya kawiri pa sabata, n'kubwerako ndi nsomba, mphasa, nkhani za eni ake, ndi chilichonse chimene munthu wamutuma.

"Ba Sajeni! Mwabwela kugula olo kugwila? Ngati ni kugwila, yambani na uyu wa tomato, sikelo yake ni ya boza. Doti? Iye, nanga doti nayo yankala mulandu? Ufulu uyu!"

"Ndangofunsa amene anakutumani."

"Ni bamama bena ba ku Estates, ba Chinyanja chija chozama, chamene ukamvela umaganiza uli mu chalichi. Banamanga kakicheni ka mauzu kuseli kwa nyumba, bakuti simenti ibazizilisa mendo. Nimabaletela doti ya ku dambo yozilila pansi. Manje juzi banabwela beka kuno, bakuti mwana wanga, nifunako ina, yofewa bwino, mwamusanga. Zina siniziba, ine nimabaitana chabe ati amama."

"Anakulipirani?"

"Ndalama? Abo sibagwila ndalama. Nshaba! Onani." Anakoka kadengu pansi pa tebulo. "Tengani mudyeko, mwayonda. Bakazi banu sibakupasani vakudya?"

Munali mtedza waukulu wa chalimbana, wa kum'mawa. Koma Lastone sanaone mtedzawo. Anaona kadenguko. Mkombero wake unali wosokedwa ndi waya wa buluu wa telefoni, ndipo mfundo yake inali yopotoka chifukwa wosokayo analibe pulayala. Analisoka yekha mwezi wathawo, atakhala pakhonde la apongozi ake, pofuna kuoneka mkamwini wothandiza.

Mutu wake unaima. Akuluakulu sananame, khoswe akakhala pamkhate sapheka.

* * *

Anafika ku Estates dzuwa litapendeka. A Njobvu anali adakali ku holo kulondera boma lawo. Kuseri kwa nyumba, m'kakhitchini ka udzu, akazi awo, amayi Elina aNankhoma, ankasenda nyemba. Pansi pake panali pozira bwino ndi dothi lakuda, mozungulirazungulira.

Wapolisi amafunsa munthu atamuyang'ana m'maso. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Lastone anayesa kugwirizanitsa malamulo awiriwo, ndipo upolisi unagonja. Anavula chipewa, ananjuta patali pafupi ndi mtengo wa papaya, n'kumalankhula ndi papayayo. Nawo aNankhoma anatembenuka n'kuyang'ana khoma.

"Amayi, ndabwera ndi nkhani yovuta pakamwa."

"Ndinaona mmene mwaimikira njinga, akamwini. Nenani."

"Mudzi wa Kaluwe wasamuka."

Nyemba zinapitirira kugwera m'lichero. Kenako zinaleka.

"Sunasamuke. Wabwerera." Mawu awo anali otsika koma osanjenjemera. "Ine ndinabadwira pamsana paja, pafupi ndi manda. Mayi anga agona pamenepo, ndi ana anga awiri oyamba. Nditakwatiwa, nthaka itatopa, anthu anatsetserekera kuseri kufuna minda, n'kupita nalo dzina la mudzi. Mudzi umasamuka, akamwini, manda sasamuka. Tsono bambo anuwa aumba Kaluwe wa lero, wa kuseri. Pa chitupa changa analemba Kaluwe. Tcheyamani uja anachiwerenga kawiri, n'kundiyang'ana."

"Bwanji simunawauze atate?"

"Ndinawauza! Ndinati, a Njobvu, mwandiika kunja kwa dziko. Anati, mapu si ukwati." Anaseka pang'ono, kuseka kokhala ndi misozi m'kati. "Zaka zonsezi ndawaphikira, ndawachapira makabudula a umesenjala, lero andiponya ku Malawi ndi ulusi wa fakitale. Ndinaopa, mwana wanga. Ndinaona lole, ndinaona adzukulu anga akundibayibitsa. Ndiye ndinati ndingokonza pang'ono, mwina saona."

"A Njobvu osaona? Munthu amene amadziwa chulu chilichonse?"

"Mantha alibe nzeru."

Lastone anawauza za Morris, za benchi ya kupolisi ndi ana anayi. ANankhoma anaika lichero pansi. Sankadziwa.

"Mayo ine! Mwana wa eni ake, amene amandikonzera mpando? Iyayi. Mawa ndikanena ndekha pamaso pa Gavana. Lole ikhale yanga."

Lastone anawakonda mayiwo nthawi imeneyo kuposa kale lonse, ndipo anachita mantha. Kumasula Morris kunali kukweza apongozi ake lole. Kuwabisa kunali kutaya munthu wosalakwa. Ali m'maganizo choncho anamva kukhosomola kumbuyo kwake. A Njobvu anali ataima pangodya ya nyumba, ndodo m'manja, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti afika kale.

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

* * *

M'mawa mwake holo inadzaza. Panja ana a sukulu ankaguba ndi timbendera, ndipo m'kati anthu ankadzikupiza ndi mapulogalamu. Gavana anali munthu wonenepa wansangala, mlembi wa khonsolo wowonda wosaseka. Morris anamukhazika pakona pakati pa anyamata awiri a chipani. ANankhoma anakhala pamphasa ndi amayi anzawo, atavala duku lawo la kutchalitchi, ndipo pambali pawo panali kamtolo ka zovala. Lastone ataona kamtoloko, anadziwa kuti mayiwo akonzekera lole.

Masaka onyowa atachotsedwa, Gavana anaomba m'manja. Anapeza mudzi wa kwawo, anapeza khoti, anapeza mtsinje umene unamiza galimoto yake chaka chatha, ndipo mlembi anavomera monyinyirika kuti mlatho ukufunikadi pamenepo. Kenako a Chishimba anaimirira n'kufotokoza za sabotaji, chala chili kwa Morris.

ANankhoma anayamba kudzuka. Koma a Njobvu anagogoda pansi ndi ndodo.

"Bwana Gavana, mlandu ndinadandaula ndine, ndipo ndikuuchotsa ndine. Mapu sanawonongedwe. Akonzedwa, ndipo wakonza ndi wa m'nyumba mwanga, mkazi wanga uyo, mwana wa Kaluwe. Ine ndinaumba pamene anthu anatsetserekera. Iye waika pamene mudzi unabadwira, pamene iye anabadwira, pa manda a makolo ake. Mnyamata uyo wa njinga sanakhudze kanthu."

Holo yonse inachita phokoso. Morris anagwira kumutu. A Chishimba anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana pamphasa.

"Oho! So ni bamama aba. Manje ba Njobvu, apo pamene babadwila, ni pa Zambia olo ni pa Malawi? Ndaba nikaona, ni pamwamba penipeni. Ulusi muntu angasendeze. Imwe mweka munakamba ati mapu yanu siinama, ati mukatila manzi yamayenda monga mvula. Tilani tione."

"Zoona, mdala?" anafunsa Gavana, maso akuwala ngati mwana. "Tabweretsani madzi!"

A Jethro anabwera ndi ketulo. Lastone, monga wapolisi wosunga bata, anaima pafupi ndi matabwa, moyang'anana ndi apongozi ake. Ankadziwa chimene mkuluyo ankadziwanso: dothi la pamsana paja silinali loumba iwo. Linali lozira aNankhoma, mwamantha ndi mofulumira, ndipo panalibe munthu wodziwa kumene lapendekera.

A Njobvu anawerama movutikira, dzanja lamanzere n'kutsamira pa phiri ngati nkhalamba yofuna pogwira. Anapendeketsa ketulo. Madzi anagwera pakati pa tinyumba ta Kaluwe n'kupanga kadziwe. Kadziweko kanakula, kananjenjemera, kanayamba kufufuza njira. Mlomo wake unaloza kum'mawa.

Apo ndi pamene Lastone anaona. Chala chachikulu cha a Njobvu, chobisika kuseri kwa timitengo ta manda, chinadinikiza dothi lofewa lija pang'ono pokha, monga mmene mayi amayesera ngati mbatata yapsa. Kadziwe kanaima, kanaganiza, kenako kanatembenuka. Madzi anadutsa pansi pa timitengo, anatsika phiri, analowa mumtsinje wa mlatho uja, n'kukagwera pa nsapato za a Chishimba, kumadzulo.

"Luangwa!" anafuula Gavana. "Madzi saiwala khwawa! Amayi, ndinu a Zambia kuposa ine. Mumasuleni wa njingayo, mwamuchedwetsa ntchito."

Nthungululu zinang'amba denga. Morris anakhala pansi n'kuyamba kulira, Prudence wa nsomba akumukupiza ndi chitenje uku akumunyoza kuti mwamuna salira pa tsiku la ufulu. A Chishimba anapukuta nsapato, koma mtima unali usanakhutire. Anayandikira Lastone.

"Ba Sajeni, imwe munali pafupi. Munaona bwino?"

Lastone anaimirira mowongoka. "Ba tcheyamani, amene anathira madzi ndi apongozi anga. Kwathu mkamwini sayang'anitsitsa apongozi. Ine maso anali kukhoma."

A Chishimba, amene nawonso anali ndi apongozi oopsa ku Kasama, anagwedeza mutu momvetsa n'kuchoka.

Anthu atatuluka kukaonera magule, Lastone anatsalira kuti afunditse mapu. A Njobvu anali chiimire pomwepo, akuyang'ana chala chawo chakuda ndi dothi ngati si chawo. Munthu amene sananamepo za malire, ngakhale kwa mzungu, ankaoneka wotopa, koma sankaoneka wachisoni. ANankhoma anabwera mwakachetechete, kamtolo kali kukhwapa. Anagwada, anagwira dzanja la amuna awo, n'kupukuta chalacho ndi nsonga ya chitenje mpaka chinayera.

"Paja munati mapu si ukwati," anatero motsitsa mawu.

"Ndinatero," anayankha a Njobvu. "Tiyeni kunyumba, mukamasule kamtoloko."

Lastone anayang'ana kukhoma, ndipo ulendo uno sichinali chifukwa cha mwambo wokha.